Luso Lolemba ndi Anthu Obwereka

Mlembi wa nkhani yopeka amayamba ndi ntchito yodziwitsa owerenga kuti munthu wakeyo ndani, akuchokera kuti, chimamupweteka n'chiyani, ndipo masamba ambirimbiri amatha owerengawo asanayambe kumudera nkhawa. Mlembi wa fan fiction ntchito imeneyi alibe. Iye amatenga ampangankhani a m'buku, a m'filimu kapena a m'sewero la pa TV amene anthu akuwadziwa kale, n'kuwalembera nkhani yatsopano. Onyoza luso limeneli amaima pomwepa, amati ndi ntchito ya aulesi. Ine sindikugwirizana nawo. Mlembiyu wapepukidwa phewa limodzi, koma phewa linalo lasenza katundu amene wolemba mabuku samudziwa: owerenga ake amamudziwa mpangankhaniyo ngati mmene iye akumudziwira, ena kuposa iye, ndipo nkhani ikamalembedwa amakhala ali pomwepo, akuyankha. Zabwino zonse za luso limeneli zimachokera pamenepa, matenda ake nawonso amachokera pomwepa.

Mwambowu unayamba intaneti isanabwere. Mu 1967, patangotha chaka sewero la Star Trek litayamba kuonetsedwa ku America, Devra Langsam ndi Sherna Comerford anatulutsa kamagazini kotchedwa Spockanalia, ka zolemba za anthu okonda sewerolo. Timagazini tina tinatsatira, tosindikizidwa pa makina opukusa ndi manja, totumizidwa pa positi kapena kugulitsidwa pa misonkhano pa mtengo wongobweza ndalama ya mapepala. Ambiri mwa olembawo anali akazi, ndipo mpaka lero zili choncho.

Spock, mpangankhani wa mu Star Trek amene kamagaziniko kanatengera dzina lake, ndi amene angationetse luso loyamba, lomwe ndi khutu. Bambo ake ndi a mtundu wa Vulcan, mayi ake ndi munthu, ndipo analeredwa kuti za mumtima azizibisa, azilankhula zanzeru zokhazokha. Tiyerekeze kuti Kaputeni Kirk, mtsogoleri wa chombo chawo, anasowa masabata atatu, lero wabwerera m'chombo ali moyo. Wongoyamba kulemba amamuthamangitsa Spock kukamukumbatira, misozi ili chuchuchu, akuti ndinakusowa. Owerenga amatseka nkhaniyo pomwepo, chifukwa munthu ameneyo si Spock. Wodziwa kulemba amamuimika njo, manja kumbuyo, akupereka lipoti la zimene zachitika m'chombo, kuyambira mafuta mpaka ndandanda ya alonda, osadumpha kanthu. Kenako Dokotala McCoy, akudutsa, amangoponya mawu kuti mbale za chakudya zakhala zikubwerera kukhitchini zosakhudzidwa kuyambira tsiku limene kaputeni anasowa. Spock sayankha, amangopitiriza lipoti lake. Palibe amene walira m'nkhanimo, koma wowerenga chamutsamwitsa pakhosi, chifukwa wabwera ndi zaka zake zonse zomudziwa munthu ameneyu. Mlandu waukulu m'magulu amenewa ndi umene amaufupikitsa kuti OOC, kutanthauza kuti mpangankhani wachita zosakhala zake. Galamala yokhota amakukhululukira. Koma ukamuika m'kamwa mawu amene sangawanene, wawataya.

Luso lachiwiri ndi diso loona mipata. Buku lililonse limasiya malo amene mlembi anangowadutsa, ndipo wolemba fan fiction wabwino amadziwa kuti mpata uti uli ndi nkhani, uti ndi dzenje chabe. Chitsanzo chimene ndimachilemekeza ndi All the Young Dudes, imene mlembi wodzitcha MsKingBean89 anaitulutsa pang'onopang'ono m'zaka za 2017 ndi 2018, mitu 188, mawu oposa 500,000. M'mabuku a Harry Potter, J. K. Rowling anangotiuza mwa apo ndi apo za ubwana wa bambo ake a Harry, James, ndi anzawo atatu, Sirius, Remus ndi Peter. Mlembiyu anatenga Remus n'kumuyambira mu 1971, ali mwana wa zaka 11. Anasinthanso chinthu chimodzi molimba mtima: Remus wake sanakulire kwa makolo, anakulira m'nyumba yosungiramo anyamata, ndipo akufika pasukulu ya ana a mabanja otchuka ali ndi ukali wa mumsewu komanso chinsinsi choti kuwerenga kumamuvuta. Kusintha kumodzi kumeneku kunalowetsa m'nkhanimo kusiyana kwa olemera ndi osauka ku Britain ya m'ma 1970, kumene mabuku enieniwo anangokukhudza pamwamba.

Koma mphamvu yeniyeni ili pa Peter. Wowerenga aliyense amadziwa, asanatsegule mutu woyamba, kuti usiku wa pa 31 Okutobala 1981 James ndi mkazi wake Lily adzaphedwa, kuti wowapereka ndi Peter, ndiponso kuti Sirius adzakhala zaka 12 m'ndende pa mlandu wosakhala wake. Alembi ambiri a fan fiction amagwa pamenepa. Amamupanga Peter kukhala wonyansa kuyambira ali mwana, kapena amangomuchotsa m'chipinda ngati kulibe, pofuna kusangalatsa owerenga amene amadana naye kale. Mlembi uyu anamusiya akhale mnzawo weniweni, kamnyamata kamantha kokonda kutsatira James, kamene nthawi zina ena atatuwo amakaiwala osazindikira. Choncho tsiku lililonse limene anayiwo akuseka pamodzi limaluma, chifukwa ife tikudziwa zimene iwo sakudziwa. Wolemba buku amavutika masamba mazana kuti amange kampeni kumphasa kotere. Uyu anakapeza kali kale m'mitu ya owerenga, ndipo luso lake linali kusakaononga. Nkhaniyo ili ndi zofooka zake, pakati pake pali mitu imene ikungobwereza mikangano yomweyomweyo, ndipo mkonzi wouma mtima akanaidula. Komabe nditaimaliza sindinathenso kumuwerenga Peter wa m'buku lachitatu la Harry Potter monga ndinkamuwerengera kale.

Amene tinakulira pa nthano za madzulo izi sizingatidabwitse kwenikweni. Kalulu alibe mwini. Wokamba sataya nthawi kufotokoza kuti ndi wochenjera ndiponso kuti Fisi ndi wadyera, ana amadziwa kale, ndipo akamupusitsa Kalulu popanda chifukwa amatsutsa pomwepo. Wokambayo amamvanso ndi khutu lake pamene “tili tonse” wayamba kuzilala, n'kudziwa kuti apa ndifulumire, apa ndiponye nyimbo. Wolemba fan fiction amagwira ntchito pakati pa omvera a mtundu umenewu, kungoti ake ali ku Manila, ku São Paulo ndi ku Lagos, ndipo sanawaonepo nkhope.

Nkhani zazitali zimatuluka mutu umodzi umodzi, mwina sabata iliyonse, mwina pakatha miyezi. Pakati pa mutu ndi mutu owerenga amalankhula. Amene amathandiza kwambiri si woyamikira chabe, ndi amene amaloza chiganizo chimodzi n'kunena chimene chamuchita, mwachitsanzo kuti pamene uja anatembenuza kapu yake m'malo moyankha ndi pamene ndinadziwa kuti wakhululuka. Mlembi wazaka 16 akalandira mawu otere waphunzira chinthu chimene kalasi yonse ya malamulo a kalembedwe singamuphunzitse, chifukwa waona ndi maso kuti kachinthu kakang'ono kafika kwa munthu. Palinso amene amamutcha beta reader, mnzako wowerenga nkhani isanatuluke, wosalipidwa, amene amakuuza kuti ndime iyi yatalika, dzanja ili linali m'thumba tsopano lapezeka bwanji pa chitseko, ndipo munthu uyu sangapepese msanga chonchi. Alembi ambiri amene lero ali ndi mabuku m'masitolo anasulidwa m'manja mwa anthu amenewa.

Koma omvera omwewo amatha kuipotoza nkhani. Mlembi akaona kuti mutu wa kupsompsonana wakolola ziyamikiro zambiri kuposa mutu wa maliro umene anauvutikira, mutu wotsatira umakhotera komweko. Nkhani imene inayenera kutha pa mutu 20 imafika pa 60 chifukwa anthu akupempha kuti isathe, ndipo mkangano umene unathetsedwa kale umadzutsidwa ndi kusamvana kopanda mutu, kalata yosochera kapena foni yosayankhidwa. Ndikamawerenga nkhani yaitali ndimatha kuloza pamene mlembi anasiya kumvera ampangankhani ake n'kuyamba kumvera m'manja. Zina zimangoima pakati, mlembi wapeza ntchito kapena wabereka, ndipo zimakhala choncho zaka khumi anthu akudikirabe.

Malo aakulu a luso limeneli lero ali ndi mbiri imene imakhudza kalembedwe. FanFiction.Net, imene Xing Li anaitsegula mu 1998, inachotsa nkhani zolaula mu 2002. Mu 2007 kampani ya FanLib inabwera kuti ipange ndalama pa zolemba zimene anthu ankapatsana ulere, ndipo chaka chomwecho LiveJournal inatseka maakaunti mazana angapo mosachenjeza, ena osalakwa. Olemba anatopa n'kukhala alendi. Naomi Novik ndi anzake anakhazikitsa bungwe losapanga phindu la Organization for Transformative Works, ndipo mu 2009 linatsegula Archive of Our Own, imene ambiri amangoti AO3. Mulibe zotsatsa malonda, imayenda ndi zopereka ndi anthu odzipereka, ndipo mu 2019 ku Dublin inalandira mphotho ya Hugo.

Chimene AO3 inasintha pa luso ndi zizindikiro zimene mlembi amaika pamwamba pa nkhani. Amauziratu owerenga kuti awa ndi adani amene adzakondana, kuti chikondi chake n'chochedwa kupsa, kuti mathero ake ndi achimwemwe, kapena kuti mpangankhani wamkulu amwalira. Wolemba mabuku angaone ngati uku n'kudziwotchera munda, kuulula mathero nkhani isanayambe. Koma zimamuchotsera mlembi ndodo yotsamira. Sangadalirenso kudzidzimutsa. Anthu zikwizikwi analembapo za awiri amene afika pa nyumba yogona alendo usiku, bedi n'kupezeka kuti ndi limodzi, ndipo wowerenga wasankha nkhani yako akudziwa kuti zithera kuti. Chatsala ndi mmene awiri awa, osati ena, angagonere usiku umenewo: ndani ayamba kunena kuti agona pansi, ndani anamizira kuti wagona kale, ndani adzuka m'bandakucha n'kuopa kusuntha mkono. Apa mlembi wabwino ndi woipa amasiyana msanga kuposa m'buku, chifukwa onse ayambira pamzere umodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuchepa kwa chidzudzulo. Popeza nkhani ndi mphatso, mwambo umene wakhazikika ndi wakuti ngati sizikukusangalatsa ingodutsa, ndipo usadzudzule mlembi amene sanakupemphe. Ndikumvetsa kumene mwambowu unachokera, palibe amene akufuna kuti mwana wolemba nkhani yake yoyamba m'Chingerezi chimene si chilankhulo chake anyozedwe pagulu. Koma magulu amenewa kale ankadzidzudzula okha, ndipo mwaluso. Mu 1973 Paula Smith analemba kankhani kakafupi, A Trekkie's Tale, koseka mtundu wa mpangankhani amene anali atadzaza m'timagazini: Mary Sue, mtsikana wa zaka 15 ndi theka, wokongola, wodziwa zonse, amene akuluakulu onse a m'chombo cha mu Star Trek amamugomera. Kankhaniko kanaphunzitsa alembi ambiri kuti munthu wopanda chilema alibe nkhani. N'zoona kuti dzinali pambuyo pake linasanduka chikwapu chokwapulira mtsikana aliyense wolemba za mkazi wamphamvu, ndipo ena analeka kulemba chifukwa cha ilo. Komabe pakati pa chikwapu ndi chete pali malo, ndipo lero malo amenewo asiyidwa kwa beta reader yekha, kuseri. Mlembi amene alibe mnzake wotero amatha zaka zisanu akulandira ziyamikiro, zolakwa zake zili zomwezija.

George R. R. Martin amakana kuti anthu azilemba za ampangankhani ake, ndipo amalangiza ofuna kulemba kuti azilenga awoawo. Anne Rice nayenso anakana mwamphamvu. Pa nkhani ya umwini sindingawatsutse, ana ndi awo. Pa nkhani ya luso ndingowakumbutsa za Jean Rhys, amene mu 1966 anatenga mkazi wamisala wotsekeredwa m'chipinda cham'mwamba mu Jane Eyre ya Charlotte Brontë, n'kumupatsa ubwana wake ku Jamaica ndi liwu lake m'buku la Wide Sargasso Sea, limene masiku ano limaphunzitsidwa m'mayunivesite. Mpata anauona ndi diso lomwe lija.

Komabe Martin ali ndi mfundo, ndipo imaoneka bwino nkhani zimenezi zikasanduka mabuku ogulitsa. Fifty Shades of Grey ya E. L. James, ya mu 2011, inayamba ngati fan fiction ya Twilight. After ya Anna Todd inayamba pa webusayiti ya Wattpad mu 2013 ili nkhani ya Harry Styles wa gulu la One Direction. The Love Hypothesis ya Ali Hazelwood, ya mu 2021, inachokera kwa Rey ndi Kylo Ren a mu Star Wars. Kuti zisindikizidwe, mayina amasinthidwa. Koma dzina likachoka limapita ndi zonse zimene wowerenga ankabwera nazo, ndipo mlembi ayenera kubwerera kukagwira ntchito ija anaidumpha pachiyambi. Mwa atatuwa, Hazelwood ndi amene ndikuona kuti anaigwira, chifukwa anawamangira awiriwo moyo wa m'labotale ndi mavuto a wophunzira wa digiri yaukadaulo, zinthu zimene iye mwini, katswiri wa sayansi ya ubongo, amazidziwa. M'mabuku ena awiriwo, mwamuna amalowa kumayambiriro ali wamwano ndi wolamula, nkhani n'kumayembekezera kuti timukonde, pamene chifukwa chomukondera chinatsala kwa Edward Cullen wa mu Twilight ndi Harry Styles.