Mwini Malire Ndani? Ndemanga pa Chigamulo cha Mlandu wa Arizona

Pa 25 Juni 2012 Bwalo Lalikulu la Milandu la ku United States linagamula mlandu wa pakati pa boma la chigawo cha Arizona ndi boma lalikulu la ku Washington. Ambiri amene amasamala za alendo, ndi a Mpingo omwe, anachilandira chigamulocho ndi nthungululu. Ife tichiwerenga pano monga tiwerengera buku la filosofi m'kalasi, pofunsa chimene chanena, chimene chasiya, ndiponso ngati nsanamira zake zingasenze denga limene anthu anaikapo.

Tiyambe ndi gwero la mkangano. Dziko la United States ndi chigwirizano cha zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, bwanamkubwa wake ndi apolisi ake. Arizona ali m'malire ndi Mexico. Mu Epulo 2010 bwanamkubwa wa chigawocho, a Jan Brewer, anasaina lamulo lotchedwa SB 1070, ponena kuti boma lalikulu lalekerera anthu kulowa m'dziko popanda chilolezo. A ku Washington, pa nthawi ya Pulezidenti Barack Obama, anakasuma nati nkhani za olowa ndi otuluka m'dziko si za chigawo ayi. Oweruza asanu anagwirizana nawo, atatu anatsutsa, ndipo a Elena Kagan sanakhale nawo pa mlanduwo. Bwalo linafafaniza ndime zitatu: yosandutsa kusanyamula zikalata za ulendo kukhala mlandu wa m'chigawo, yolanga mlendo wopanda chilolezo chifukwa chofuna ntchito, ndi yolola apolisi a chigawo kumanga munthu popanda kalata ya woweruza pongomuganizira kuti anachita cholakwa choyenera kumupirikitsira kwawo. Ndime yachinayi, yolamula apolisi kufufuza ngati munthu amene amuimitsa pa chifukwa china ali m'dziko movomerezeka, bwalo linaisiya.

Maganizo a ambiri anawalemba ndi a Anthony Kennedy, ndipo tiyenera kuvomereza kuti anawalemba mwaluso. Akuti dziko liyenera kulankhula ndi maiko anzake ndi pakamwa pamodzi, pakuti mzika ya dziko lina ikazunzidwa m'chigawo chimodzi, udani umagwera fuko lonse. Akukumbutsa kuti nthawi zambiri kungokhala m'dziko chilolezo chitatha si mlandu wotengera munthu ku ndende. Ndime yokoma koposa ndi imene akufotokoza za ufulu umene akuluakulu a boma lalikulu ali nawo wosankha amene angamupirikitse ndi amene angamusiye: bambo wogwira ntchito kuti adyetse banja si wofanana ndi wozembetsa anthu, ndipo pali ena amene ana awo anabadwira m'dzikomo kapena akhalamo zaka zambiri. Apa pokha mpamene nkhope ya munthu ikuonekera m'chigamulo chonse.

A Antonin Scalia anatsutsa ndi ukali umene ankadziwika nawo. Kwa iwo chigawo chimene sichingaletse munthu kulowa m'dera lake chalandidwa umwini wake wonse. Mfundoyi si yachibwana, ndipo wophunzira zaumulungu asaipeputse: anthu a m'malire ndiwo amaona mitembo m'chipululu cha Sonora, ndipo zipatala ndi sukulu zawo ndizo zimalandira ofika kumene. Koma pofuna umboni wa mbiri yakale, a Scalia anatchula malamulo amene zigawo zinkapanga kale otsekereza akaidi, amphawi, odwala matenda opatsirana, ndiponso, m'zigawo za kummwera, anthu akuda omasulidwa ku ukapolo. Umboni wotere ukuonetsa kuti mphamvuyo inalipodi. Ukuonetsanso, mosafuna, ntchito imene mphamvuyo inkagwira.

Tsono cholakwa chachikulu chimene tikuona m'chigamulochi nchakuti funso lake ndi limodzi lokha, lakuti ndodo ndi ya yani. Silifunsa ngati womenyedwayo ayenera kumenyedwa. Mlendo akutetezedwa ku apolisi a Arizona, osati popeza ali ndi ulemu wa umunthu umene boma lililonse liyenera kuuopa, koma popeza womulanga woyenera ndi wina. Ngakhale chifundo chimene a Kennedy akuchitamanda chija ndi chifundo cha wolamula, chimene angachipereke lero nkuchibweza mawa. Tisaiwalenso kumene chiphunzitso cha mphamvu zonse za boma lalikulu pa alendo chinakulira: chinakhwima pa lamulo la 1882 loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo, ndi pa mlandu wa Chae Chan Ping wa 1889, umene unavomereza kutsekereza munthu amene anakhala m'dzikomo zaka zoposa khumi ndipo anali ndi chikalata chomulola kubwerera. Wina anganene kuti tikufuna kuti oweruza alalike, pamene ntchito yawo ndi kuyankha funso limene lafunsidwa. Nzoona. Dandaulo lathu likulunjika makamaka kwa amene anatenga chigamulo cha malire a udindo ngati chigamulo cha chilungamo.

Zaka zotsatira zaonetsa kufooka kwa mazikowo. Ku Texas bwanamkubwa Greg Abbott anayambitsa mu 2021 ntchito yotchedwa Operation Lone Star. Asilikali a chigawo anayala waya waminga m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande, ndipo mu 2023 anamanga mpanda woyandama pakati pa mtsinjewo pafupi ndi Eagle Pass. Mu Disembala chaka chomwecho anasaina lamulo la SB 4, lolola apolisi a chigawo kumanga olowa mozemba ndi oweruza a chigawo kuwalamula kubwerera ku Mexico, zimene zinali ngati kuputa dala chigamulo cha 2012. Boma la Pulezidenti Joe Biden linasuma, ndipo mu Januwale 2024 Bwalo Lalikulu, oweruza asanu kwa anayi, linalola antchito a boma lalikulu kudula waya uja. Koma ulamuliro utasintha, boma la Pulezidenti Donald Trump linachoka pa mlandu wa SB 4 mu Malichi 2025, nkusiyira mabungwe othandiza alendo ndi boma la dera la El Paso. Mu Januwale chaka chomwecho linali litachotsa kale malangizo amene kuyambira 2011 ankaletsa kugwira alendo m'matchalitchi, m'sukulu ndi m'zipatala.

Chodabwitsa nchakuti mfundo zimasinthana eni ake ngati khasu lobwerekana. Mu 2018 ndi boma lalikulu limene linasumira California chifukwa cha lamulo lake loletsa apolisi a chigawo kuthandiza kugwira alendo. Amene mu 2012 ankati Washington ndiye mwini zonse anayamba kuteteza ufulu wa chigawo, ndipo amene ankalira za ufulu wa Arizona anafuna kuti California agonjere.

Apa mpamene abale athu ena amabweretsa chiphunzitso chimene Apapa Pius XI anachifotokoza mu Quadragesimo Anno mu 1931, chakuti bungwe lalikulu lisalande ntchito imene laling'ono lingathe kuigwira bwino. Amati chiphunzitsochi chili ku mbali ya Arizona ndi Texas. Ife sitikuvomereza. Dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lakuti subsidium, kutanthauza thandizo, ndipo cholinga chake nchakuti munthu athandizidwe ndi amene ali naye pafupi. Sichinena kuti wapafupi ndiye ayenera kugwira chikoti. Komanso sichingawerengedwe pachokha, kusiya Pacem in Terris ya Apapa Yohane XXIII ya 1963, imene ikuvomereza ufulu wa munthu wosamukira dziko lina pakakhala zifukwa zoyenera, kapena ndime 2241 ya Katekisimu, imene ikupatsa boma ufulu woika malamulo a m'malire koma ikulamulanso maiko olemera kulandira wofuna chitetezo ndi chakudya monga momwe angathere. Ulamuliro ulipo, koma uli ndi muyeso wochokera kunja kwake, umene chigamulo cha Arizona sichiudziwa.

Ndipo ngati a Texas akanakhaladi okonda mabungwe aang'ono, sakanalimbana ndi laling'ono lenileni. Ku El Paso kuli nyumba ya Akatolika yotchedwa Annunciation House, imene yakhala ikulandira alendo osauka kuyambira 1978. Mu Febuluwale 2024 loya wamkulu wa chigawocho, a Ken Paxton, anafuna mabuku a nyumbayo, kenaka anapempha bwalo kuti itsekedwe, poiimba mlandu wobisa olowa mozemba. Woweruza wa ku El Paso anakana pempholo mu Julaye 2024, koma mu Meyi 2025 Bwalo Lalikulu la chigawo cha Texas linalola kuti mlanduwo upitirire. Pa mlandu umenewu chigamulo cha 2012 sichinateteze nyumbayo, ndipo panatsala funso la ngati kupatsa mlendo mphasa ndi chakudya ndi mlandu.