Suti Yobwereka, Nkhope Yobwereka

Mwana wa mchemwali wanga anandipatsira foni tili pakhonde kwathu ku Madziabango, iye akumwetulira ngati wapha njovu. "Amalume, taonani mmene ndawakonzera agogo."

Chithunzicho ndinkachidziwa. Ndi chokhacho chimene tili nacho cha mayi awo a mayi anga, ndipo anachijambula ndi bambo wina amene ankazungulira m'midzi panjinga, kamera ikulendewera m'khosi. Chakhala zaka zambiri chitapanidwa m'Baibulo, chinafiirira, ngodya ina inadyedwa ndi njenjete. Mtsikanayu anachijambulanso pafoni n'kuchilowetsa mu pulogalamu ina imene amati imadzutsa zithunzi zakale. Panatuluka mayi wosalala ngati dzira, maso ali waliwali. Mphini zitatu zimene agogo anali nazo patsaya zinali zitapita, chifukwa makinawo anaziyesa zokandika za papepala n'kuzifufuta. Mayi anga anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anabweza foni ija. "Ngokongola ndithu. Koma ndi a kwa yani amenewa?"

Sindine mmodzi wa anthu amene amadandaula kuti zithunzi za pa masamba a mchezo n'zabodza. Chithunzi cha munthu chakhala chodzikonzera kuyambira kale. Amene tinakula nthawi ya filimu tikukumbuka tsiku lojambulitsa: suti yobwereka kwa aphunzitsi, wailesi ya mnansi itanyamulidwa pachifuwa, mwendo umodzi pa pedulo ya njinga ya eni. Ukatero unkadikira sabata ziwiri kuti akatsuke m'tauni, mtima uli m'mwamba kuopa kumva kuti zinapsa. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake mu 1948 ndipo ankasungiratu mawotchi, zolembera, wailesi ndi njinga yamoto kuti makasitomala azibwereka pojambulitsa. Lero zithunzi zakezo zimapachikidwa m'nyumba zosungiramo zaluso ku Paris ndi ku New York. Choncho mnyamata amene wakaima kufupi ndi bwalo la ndege la ku Chileka ngati akunyamuka mawa, kapena amene watsamira galimoto ya wina pamsika wa Lirangwe, sakuchita zachilendo. Akunena chimene akufuna kudzakhala, ndipo aliyense woona amadziwa masewerawo. Koma m'zithunzi za Keïta, ngakhale wotchi inali yobwereka, khungu, zipsera ndi kayang'anidwe zinali za mwini wake. Apa ndi pamene luso lathu la pafoni laterereka: tasiya kubwereka suti, tayamba kubwereka nkhope.

Chimene chimathamangitsira anthu ku filter nthawi zambiri si kudzida ayi. Ndi chithunzi chimene chatuluka moipa. Munthu wavala malaya oyera a ku tchalitchi, waima pabwalo dzuwa lili paliombo, kumbuyo kwake kuli thambo lowala. Kamera imayeza kuwala konse kumene ikuona n'kufuna pakatikati. Poona kuyera kochuluka chonchi imachepetsa kuwala, ndipo nkhope imatuluka ili bii, m'maso muli maenje amdima, pamphumi pokha pakunyezimira thukuta. Mwini wake akaona amati, "Koma ndada bwanji!" n'kukankhira kuwala mpaka kumapeto. Zotsatira zake ndi nkhope yotuwa, ili mbuu ngati wagona paphulusa, khosi ndi manja zili mtundu wina.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi za Kodak ankatchera makina awo poyang'ana khadi lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, lotchedwa Shirley. Khungu lakelo ndiye linali muyezo wa mtundu wolondola. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia ku Canada analemba mu 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake kuti izionetsa bwino mitundu yoderapo anali opanga chokoleti ndi ogulitsa mipando yamatabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakusiyanitsika pa zithunzi zotsatsira malonda. Chokoleti chinamveka msanga kuposa anthu. Mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, amene adzaza m'matumba mwathu, amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, ndipo china chimene inalandira nacho msika wa mu Africa n'chakuti inatchera makamera ake kuti azigwira bwino khungu lakuda. Ndiye chida tili nacho chabwinopo kuposa chimene anali nacho bambo wa panjinga uja. Chotsala ndi diso.

Ndipo diso limayambira pa kuwala, osati pa pulogalamu. Ku Madziabango, pamsewu wa M1 wotsikira ku Chikwawa, dzuwa la mu Okutobala silichitira chifundo nkhope ya munthu. Ambiri amathawira pansi pa mtengo wa mango, koma masamba amadontheza kuwala, munthu n'kutuluka wamawangamawanga ngati nkhanga. Malo abwino ali pafupi kuposa pamenepo: pakhonde. Muimikeni munthu mkati pang'ono mwa mthunzi, nkhope italoza kubwalo, inu muime kunja dzuwa lili kumsana kwanu. Dothi losesedwa bwino la pabwalo limabweza kuwala kofewa, kofiirira, kumene kumalowa pansi pa chibwano ndi m'maso. Khungu lakuda limakonda kuwala kotere. Limaonetsa kuti si lakuda chabe, muli kufiira, muli golide, muli kubiriwira pang'ono m'mbali mwa tsaya. Ngati mbali imodzi yachita mdima, mwana agwire chitenje choyera chapafupi, basi. Masiku a chiperoni, mu Juni ndi Julayi, pamene aliyense akudandaula kuti kunja kwaipa, ndiwo masiku amene thambo lonse limasanduka khonde. Kupanda apo, dikirani dzuwa lipendeke, cha m'ma 4 koloko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zina n'zazing'ono moti munthu amachita manyazi kuzitchula. Galasi la kamera limakhala ndi mafuta a zala, makamaka mukachoka pachiwaya, ndipo theka la zithunzi zooneka ngati zajambulidwa mu utsi zikanachira ndi nsonga ya malaya. Kukoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire kumangochiphwanya. Yendani ndi miyendo. Musanajambule gwirani pankhope ya munthuyo pa sikirini, kuti kamera iyeze kuwala pamenepo osati pa malaya. Ndipo pa kamera yakutsogolo fufuzani kabatani ka beauty, chifukwa pa mafoni ena kamakhala koyatsa kale, kakukupalani nkhope musanapemphe.

Kukonza chithunzi pakokha si tchimo. Wotsuka filimu naye ankasankha poti pawale ndi poti pade. Mu Snapseed kapena Lightroom, ntchito yoyenera ndi yofanana ndi ya mayi wothira mchere m'ndiwo: kukweza pang'ono mbali zamdima kuti maso aoneke, kutsitsa mbali zowala kuti malaya oyera abwezeretse ulusi wake, kuwongola chithunzi chopendama, kudula chigubu chimene chalowerera m'mphepete. Muyezo wanga ndi umodzi. Ikani dzanja la mwini chithunzi pambali pa foni. Ngati mitundu iwiriyo sikugwirizana, mwapyola. Chimene filter yoyeretsa imachita pa sikirini n'chimodzimodzi chimene mafuta oyeretsa khungu amachita pathupi, kungoti iyo sisiya mabala. Ndaonapo zithunzi za chinkhoswe chimodzi momwe mkwatibwi anatuluka ndi mitundu inayi, malingana ndi foni ya amene anajambula, moti apongozi akutali akanatha kufunsa kuti mwana wawo akukwatira angati.

Chimene chimandipweteka kwambiri, komabe, ndi kumbuyo kwa munthu. Mafoni a masiku ano amatha kusungunula zonse zakumbuyo, ndipo mapulogalamu ena amazichotseratu n'kuikapo nyumba zosanja kapena nyanja ya kwina. Kusungunula kuli ndi ntchito yake pamene kumbuyo kuli piringupiringu. Koma taonani masitetasi a achinyamata a kuno kwa sabata imodzi: simupezamo nkhokwe, uvuni wa njerwa, mulu wa tomato pamsika, kapena mapiri amene amatsetserekera kuchigwa cha Shire. Mudzi wonse wasanduka chifunga chobiriwira. Pamenepa sindinena za khalidwe, ndikunena za luso. Chithunzi cha mtsikana ataima kutsogolo kwa khoma la njerwa zootcha, dzuwa lamadzulo likuyenda m'mizere ya dothi, chili ndi mtundu, kulemera ndi malo. Cha mtsikana yemweyo atamatidwa pa msewu wa Dubai chili ndi mzere woyera kuzungulira tsitsi ndi mthunzi wolowera kolakwika. Mbale amene ali ku Johannesburg, amene watha zaka zisanu osaponda kwawo, akatsegula chithunzi amakoka ndi zala kuti aone ngati mtengo wa papaya uja ukadalipo.

Mwina chimene chatichepetsera chidwi ndi kufulumira kwa zinthuzi. Sitetasi ya WhatsApp, imene inayamba mu 2017, imafufutika pakatha maola 24, ndiye munthu amaona ngati palibe chifukwa chovutikira. Komanso WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo. Chikadutsa m'magulu atatu, wina n'kuchijambula pa sikirini, chimafika chitatha ngati ndalama yapepala ya pamsika. Ofuna kusunga chenicheni atumize ngati document kapena asankhe HD. Koma zoona zake n'zakuti zithunzi zimenezi sizifa pa maola 24. Tsiku la maliro, achibale akamafuna chithunzi choika papulogalamu ndi pamtanda, amakatenga chomwecho cha pa Facebook, ndipo anthu amafika pasiwa n'kuona pakhomo nkhope imene sanakumanepo nayo.

Madzulo a tsiku lomwelo tinatulutsanso chithunzi cha agogo m'Baibulo. Tinachigoneka pampando pakhonde, pomwe panalibe dzuwa lachindunji, mtsikana uja anapukuta galasi, anagwira foni ndi manja awiri zigongono zili pamaondo, n'kujambula. Anangowongola ndi kukweza mbali zamdima pang'ono. Ngodya yodyedwa ija anafuna kuidula, mayi anga anakana. Mtsikanayo anachiika pa sitetasi monyinyirika, akuti anzake aziti chiyani. Usiku uthenga unalowa kuchokera kwa azakhali ake a ku Johannesburg, wofunsa ngati angawatumizire chachikulu, chifukwa iwo ankakumbuka kuti mphini zija zinali zinayi.