Za "Mimba Zinayi" za Ng'ombe

Pali chiganizo china chimene chimamveka kawirikawiri m'sukulu za pulaimale pa phunziro la ulimi, ndicho chakuti "ng'ombe ili ndi mimba zinayi." Mphunzitsi amachinena pomasulira mawu a m'buku la Chingelezi, ana nachiloweza pamtima. Koma chiganizochi n'chopotoka pawiri: chilakwira chinenero, chilakwiranso ng'ombeyo. Kwa mphunzitsi amene adzatumizidwa ku dera longa la Ludzi, m'boma la Mchinji, kumene mabanja ambiri ali ndi khola la mbuzi kapena la nkhumba, ndipo ena ali ndi ng'ombe zokoka ngolo, nkhaniyi si yaing'ono, pakuti ana a m'kalasi mwake ndiwo abusa a ziwetozo.

Cholakwa choyamba chili pa liwu lakuti mimba. Liwuli lasenza katundu wambiri. Mimba ndi malo onse a pakati pa chifuwa ndi chiuno. Munthu akati m'mimba mwamupweteka sanatchule chiwalo chilichonse. Ndiponso za mayi woyembekezera amati ali ndi mimba. Tsono mwana wakumva kuti ng'ombe ili ndi mimba zinayi sapeza chithunzi choona m'mutu mwake. Chikhalirecho liwu loyenera lilipo, ndipo aliyense amene anaonapo mbuzi ikutumbulidwa alidziwa: chifu. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili ndi chifu chimodzi cha zigawo zinayi. Nkhumba ili ndi chifu cha chigawo chimodzi, monga munthu.

Zigawo zinayizo zili ndi maina m'mabuku a madokotala a ziweto, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake ndi matenda ake. Choyamba ndi rumen, thumba lalikulu logona kumanzere, limene mwa ng'ombe yaikulu lingalowe malita oposa 100. M'menemo tizilombo tosaoneka ndi maso timafewetsa udzu, ndipo chiweto chimabweza udzuwo kukamwa kuti chiutafunenso. Kumeneko ndiko kubzikula, liwu labwino limene omasulira Buku Lopatulika la 1922 analigwiritsa ntchito pa Levitiko 11. Mpweya ukatsekeredwa m'thumba limeneli, monga pamene ng'ombe yakhuta msipu wanthete wonyowa, kumanzere kuseri kwa nthiti kumatupa ndi kulira ngati ng'oma, ndipo chiweto chingafe tsiku lomwelo. Mapepala a pulasitiki amene mbuzi zimameza pamsika amaunjikananso momwemo.

Chachiwiri ndi reticulum, chimene mkati mwake muli ngati zisa za njuchi. Misomali ndi tizidutswa ta waya zimagwera m'menemo, ndipo popeza chigawochi chayandikana ndi mtima, waya angaboole nakafika kumtima. Chachitatu ndi omasum, cha masamba ambiri osanjikizana ngati a buku, chimene chimayamwa madzi a m'chakudya. Chachinayi ndi abomasum, chosalala ndi choterera, ndicho chokha chofanana ndi chifu cha munthu, pakuti chimatulutsa madzi owawasa ogaya chakudya. Mwa mwana wa ng'ombe wongobadwa, chachinayichi ndicho chachikulu koposa, chifukwa mkaka umalunjika komweko.

Apa m'pamene liwu lina lofala, lakuti njoka zam'mimba, lionekera kuperewera kwake. Njoka zazing'ono zoyamwa magazi, zimene zimayeretsa zikope za mbuzi ndi kutupitsa pansi pa chibwano, zimakhala m'chigawo chachinayi. Koma ziliponso zina zaphanthiphanthi ngati tsamba, zimene ziweto zimatenga podya m'madambo momwe muli tinkhono, ndipo zimenezi zimakhala m'chiwindi, m'njira za ndulu. Mankhwala ena opha zoyambazo sakhudza zachiwirizi. Mwini mbuzi amene angoti kwa mlangizi wa ziweto, "Bambo, mbuzi zanga zili ndi njoka zam'mimba," osatha kunena kumene anaziona potumbula imene inafa, angataye ndalama zake pa mankhwala osayenera, mbuzi nizipitirira kufa.

Cholakwa chachiwiri ndicho kumasulira liwu ndi liwu. Mawu akuti matumbo aang'ono ndi matumbo aakulu anatengedwa ku Chingelezi monga momwe alili. Koma matumbo otchedwa aang'onowo ndiwo aatali koposa, pafupifupi mamita 40 mwa ng'ombe yaikulu, pamene aakuluwo ndi mamita 10 kapena kupitirirapo pang'ono. Kusiyana kwake kuli pa kuonda ndi kutakata. Mphunzitsi wanzeru adzati matumbo oonda ndi matumbo otakata, ndipo mwana sadzadabwa pamene awaona ndi maso.

Chachitatu, ndi choopsa koposa, ndicho liwu lakuti kapamba. Pamudzi kapamba ndi chiwalo chofiira moderako chimene chimatupa mwa mwana wodwala malungo kawirikawiri, chimene Angelezi amati spleen. Koma olemba ena, posowa liwu la chiwalo china chotchedwa pancreas, chimene chimathira madzi ogaya chakudya m'matumbo, anachitchanso kapamba. Ziwalozi n'zosiyana kotheratu, ndipo choyambacho sichigaya chakudya konse. Ku Mchinji chisokonezo chimenechi sichingapeputsidwe. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kuti chigodola cha nkhumba, nthenda yopanda mankhwala, chinakhazikika m'bomali, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake ndicho kapamba wotupa ndi wakuda. Mlimi akati kapamba watupa, mlangizi ayenera kumva chinthu chimodzi chokha. Motero liwulo likhale la mwini wake wakale, ndipo chiwalo chinacho chitchulidwe ndi dzina lake lobwereka kufikira litapezeka lina.

Wina angafunse kuti, nanga mabuku otanthauzira mawu sanathetse zimenezi? David Clement Scott anatulutsa buku lake la mawu a Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick nalikonzanso mu 1929, ndipo mu 2000 kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Onsewa ndi chuma chachikulu, koma ndi mabuku a mawu a chinenero chonse, osati a ntchito ya ziweto. Ndiponso Scott anasonkhanitsa mawu ake ku Blantyre, kutali ndi Mchinji, kumene Achewa akhala pamodzi ndi Angoni, anthu odziwika ndi ng'ombe, ndi kumene kulankhula kumasinthana ndi kwa tsidya la malire ku Chipata.

Ena amati Chichewa n'chosauka pa zinthu zotere, ndipo n'kwabwino kungophunzitsa maina a m'mabuku. Nkhuku iwatsutsa. Mwana aliyense adziwa chithokomiro, kumene chimanga chimayamba kusungidwa, ndi nthutumba, imene imachipera ndi timiyala. Maina amenewa ndi olunjika, chifukwa anthu amaona ziwalozo masiku onse. Ndiponso maina a m'mabuku aja si ozama monga amvekera: reticulum m'Chilatini ndi kaukonde chabe. Amene analitcha anayang'ana, natchula chimene anaona. Palibe choletsa Mchewa kuchita chimodzimodzi nati thumba lalikulu, chigawo cha zisa, chigawo cha masamba, ndi chifu chenicheni.

Komabe maina opekedwa pa tebulo asathamangire kulanda malo a maina amene alipo kale. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi watsopano apite tsiku la msika kwa opha mbuzi, kapena akhale pafupi ndi akuluakulu pamene atumbula ng'ombe pa ukwati kapena pa maliro, nafunse mwaulemu kuti, "Agogo, ichi mumachitcha chiyani kuno?" Alembe dzinalo m'kope pamodzi ndi mudzi umene analimva, nafunsenso m'mudzi wina, pakuti liwu la munthu mmodzi silikwanira. Pambuyo pake aonetse kopelo kwa mlangizi wa ziweto wa m'deralo, kuti atsimikize kuti dzina lililonse lagwa pa chiwalo chake.

M'kalasi ajambule chifu pa bolodi, nalembe pa chigawo chilichonse maina awiri: la m'buku, limene mwana adzalifuna pa mayeso, ndi la kwawo, limene adzalifuna kukhola. Mwana wophunzitsidwa chotero akadzaona ng'ombe ya atate ake itatupa madzulo, adzatha kunena mbali imene yatupa ndi chimene inadya, ndipo mlangizi adzadziwa chonyamula asananyamuke.