Kupeza yankho si kumvetsa nkhani: zomwe ndinaona kwathu ku Malemia

Pa tchuthi cha teremu yachiwiri ndinapita kwathu ku Malemia, m'chigwa cha Domasi, kuti ndikapume komanso ndikamalize mutu wina wa kafukufuku wanga. Kupumako sikunatheke. Mchemwali wanga wamng'ono ali Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera ya m'deralo, ndipo atangomva kuti ndafika anasonkhanitsa anzake anayi. Madzulo aliwonse amabwera pakhonde ndi mtolo wa mapepala a mayeso akale, aja aliyense amangoti ma past paper, pamodzi ndi timabuku ta fotokope ta mafunso ndi mayankho. Pempho lawo linali limodzi: ndiwathandize gawo la kumvetsa nkhani m'Chingerezi.

Tsiku loyamba ndinadabwa ndi liwiro lawo. Ndisanamalize kuwerenga ndime yachiwiri, iwo anali atayankha kale mafunso atatu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nkhaniyo sakuiwerenga. Amayamba ndi funso, n'kutolamo mawu amodzi kapena awiri, kenako chala chimayenda m'nkhanimo mpaka chipeze mawu omwewo. Chiganizo chomwe chala chaimapo, chimenecho ndiye yankho. Nditafunsa, mchemwali wanga anati, "Achimwene, nthawi imachepa. Nkhani yonseyo tiwerengerenji? Yankho limakhala pomwe pali mawu a m'funso basi."

Mawa lake ndinawalembera chiganizo ichi: The trabs felked the plome because it was glissy. Pansi pake ndinaika mafunso awiri: What did the trabs do? ndi Why did they felk the plome? Onse asanu anakhoza onse awiri. Kenako ndinafunsa kuti, "Nanga trabs ndi chiyani?" Kunali zii. Wina anati mwina ndi nyama, wina anati ndi anthu a ku Ulaya. Nditawauza kuti mawu anayi a m'chiganizocho ndangopeka, m'Chingerezi mulibe, anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima munali nkhawa, chifukwa ndinazindikira kuti inenso ndinadutsa Fomu 4 ndi njira yomweyi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Pa mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB ku Zomba, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwanji Masamu kapena Ulimi. Wofuna kupita kuyunivesite amafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala chimodzi mwa iwo. Kuonjezera apo, kupatula Chichewa ndi ziyankhulo zina, maphunziro onse amafunsidwa m'Chingerezi. Choncho mwana amene samva zomwe akuwerenga amalipira kawiri: pa pepala la Chingerezi komanso pa Biology, History ndi ena onse.

Mlandu wanga woyamba ndi timabuku tokonzekera mayeso tija ndi wakuti timaphunzitsa kusaka, osati kuwerenga. Timene ndinationa ine timaika nkhani, mafunso, kenako mayankho kumapeto, osafotokoza kuti yankholo lafikidwa bwanji. Wophunzira akalakwa amangodziwa kuti walakwa, n'kuloweza yankho lolondola la nkhani yomwe sidzabweranso. Chodabwitsa n'chakuti mayeso enieniwo safuna kukopera kokha. Pa pepala la kumvetsa nkhani pamakhala mafunso ofuna tanthauzo la mawu monga agwiritsidwira ntchito m'nkhanimo, ofuna khalidwe la mtengambali, ofuna mutu woyenera nkhaniyo, komanso chifupikitso cholemba m'mawu akoako. Apa chala sichithandiza. Ndipo ndi mafunso amenewa omwe ana asanu aja amawasiya kapena kungolotera.

Mlandu wachiwiri ndi wa kuchuluka kwa mawu achilendo. Kafukufuku wa Marcella Hu ndi Paul Nation wa mu 2000 anaonetsa kuti munthu amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 mwa 100 aliwonse a m'nkhani kuti aimve bwino popanda womuthandiza. Kumeneko n'kunena kuti mawu achilendo asapitirire amodzi pa 50 aliwonse. Nditawapempha ana aja kuti adule mzere kunsi kwa mawu onse omwe sakuwadziwa m'ndime imodzi, pafupifupi mzere uliwonse unali ndi chidindo. Zikatere, malangizo aja oti "lota tanthauzo poona mawu oyandikana nawo" amakhala opanda ntchito, pakuti oyandikana nawowo ndi achilendonso. Kumupatsa mwana wotereyu ma past paper khumi motsatizana kuli ngati kuyeza thumba la chimanga pasikelo tsiku ndi tsiku n'kumayembekeza kuti lilemera.

Mlandu wachitatu, womwe ndi waukulu kwa ine, ndi wakuti kumvetsera kulibe malo. Pa mayeso a Chingerezi a MSCE palibe pepala la kumvetsera kapena kuyankhula, ngakhale silabasi imatchula maluso onse anayi: kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Akatswiri ali ndi dzina la zomwe zimachitika zikatere. Amati washback, kutanthauza mphamvu yomwe mayeso amakhala nayo pa kaphunzitsidwe, nkhani yomwe Charles Alderson ndi Dianne Wall anaiunika mu 1993. Mwachidule, chomwe sichibwera pamayeso chimafa m'kalasi. Mphunzitsi wa Fomu 4 amene akuthamangitsana ndi silabasi sangaononge piriyodi pa luso lopanda malikisi, ndipo sitingamudzudzule kwambiri.

Wina afunsa kuti: ngati kumvetsera sikubwera pamayeso, tivutikiranji nako? Yankho lili m'maganizo a Philip Gough ndi William Tunmer a mu 1986. Iwo anati kumvetsa zowerenga kumachokera ku zinthu ziwiri zochulukitsana: luso losandutsa malembo kukhala mawu, ndi luso lomva chiyankhulocho chikamayankhulidwa. Mawu ofunika apa ndi "kuchulukitsa". Chimodzi chikakhala ziro, zonse ndi ziro. Ana athu ambiri luso loyambalo ali nalo ndithu. Atha kuwerenga ndime yonse mokweza osapunthwa. Koma afunseni kuti akuuzeni m'Chichewa zomwe awerengazo, mupeza kuti mawu adutsa pakamwa osafika kumutu. Ndiye kuti kumvetsera kumabwera pamayeso, kungoti kumalowera khomo lakuseri.

Ndinayesa kuwawerengera nkhani yaifupi mapepala atatseka, kenako ndinawaseweretsa nkhani za pawailesi zomwe ndinajambula pafoni. Apa m'pomwe maphunziro anga a kamvekedwe ka mawu anandithandiza kuona pomwe pakuthina. Chichewa chili ndi mavawelo asanu: a, e, i, o, u. Chingerezi cha ku Britain chomwe madikishonale ambiri amatsata chili ndi pafupifupi 20 tikaphatikiza aja oyenda awiriawiri. Khutu lozolowera asanu limaponya hat, hut ndi heart m'dengu limodzi, ship ndi sheep m'dengu linanso. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti r azibwera pambuyo pa e kapena i. N'chifukwa chake pray ndi play zimamveka chimodzimodzi kwa ambiri a ife. Komanso maphatikizo athu amathera ndi vawelo, n'chifukwa chake tinabwereka school n'kukhala sukulu, glass n'kukhala galasi, desk n'kukhala desiki. Mwana amene m'mutu mwake walked ndi "wokedi" sawazindikira mawuwa akatchulidwa mwaphatikizo limodzi, ndipo nthawi ya mneni imamudutsa osaiona.

Pali kanthu kena komwe kanandisangalatsa. Atatu mwa ana asanuwa kunyumba amayankhula Chiyao, monga mabanja ambiri a kwa Malemia. M'Chiyao kutalika kwa vawelo kumasiyanitsa tanthauzo la mawu, pomwe m'Chichewa sizitero kawirikawiri. Nditawakumbutsa zimenezi, atatuwo anagwira msanga kusiyana kwa ship ndi sheep kuposa anzawo. Ana asanu si kafukufuku, ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa m'Chingerezi si kwa kutalika kokha, koma chinali chogwirira chabwino poyambira. Chomvetsa chisoni n'chakuti palibe anawauzapo kuti Chiyao chawo chingawathandize kusukulu. Iwo amachiona ngati katundu wosiya pageti.

Mbiri ya dera lathu imapangitsa zimenezi kuwawa kwambiri. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo iyeyu anaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku la malamulo ake lomwe linatuluka mu 1889. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chiyao ndi Chitumbuka zinakhala kunja kwa kalasi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a ziyankhulo zinazo sanafike m'manja mwa ana. Kenako lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira. Mwana wa ku Malemia amadutsa m'ziyankhulo zitatu, koma kokonzekera mayeso timamutenga ngati wabwera wopanda chilichonse. Zonsezi zikuchitika pafupi ndi Malawi Institute of Education, komwe kumalembedwa masilabasi a dziko lino, ndi Domasi College of Education, komwe kumasulidwa aphunzitsi a sekondale. Mtunda wake ndi wa kabaza chabe.

Ndisaname, ma past paper ali ndi ubwino wake. Amamuzoloweretsa mwana kafunsidwe ka mafunso, kagawidwe ka nthawi ndi kutalika kwa chifupikitso, ndipo amachepetsa mantha a tsiku la mayeso. Kusukulu komwe buku limodzi amagawana ana angapo, kabuku ka fotokope nthawi zina ndi Chingerezi chokhacho chomwe mwana angapite nacho kunyumba. Sindikunenanso kuti tonse tiziyankhula ngati a BBC ayi. Chingerezi cha ku Malawi ndi Chingerezi ndithu, ndipo katchulidwe kathu si matenda. Chomwe ndikutsutsa ndi kusandutsa sikelo kukhala chakudya.

Masabata awiri otsalawo tinasintha kachitidwe. Tinayamba ndi nkhani zosavuta, zina za m'mabuku a Fomu 1 ndi 2, ngakhale poyamba ananyinyirika kuti ndikuwabweza m'mbuyo. Ndimawerenga ndime mokweza kawiri, mapepala atatseka, kenako aliyense amafotokoza zomwe wamva m'Chichewa kapena m'Chiyao. Akasemphana, amatsutsana kaye okhaokha, ndipo pepala limatsegulidwa kuti liweruze mlandu. Mafunso amabwera kumapeto. Tinalondolanso timawu tating'ono tomwe chala chimadumpha: alumikizi monga although, unless ndi however, komanso alowam'malo monga it ndi they, kuti akuimira chiyani. Usiku amamvetsera nkhani za pa MBC kapena Zodiak, za m'Chichewa kaye kenako za m'Chingerezi, popeza mitu yake imafanana ndipo yoyambayo imatsegulira njira yachiwiriyo. Past paper tinaisiyira Loweruka lokha, ndi wotchi patebulo.

Sindinganene kuti masabata awiri anachiza vuto la zaka khumi ndi ziwiri. Mawu achilendo akadali ambiri, ndipo zotsatira za mayeso sizinatuluke. Koma tsiku lomaliza, tikuwerenga nkhani ina ya mayi yemwe anabisira mwamuna wake kalata, mchemwali wanga anaima pakati pa ndime n'kunena kuti, "Iii achimwene, ndiye kuti mayiyu amadziwa kale eti?" Funso limenelo silinali papepala. Linachokera mwa iye, ndipo munthu safunsa chotero pa nkhani yomwe sakuimva.

Kwa anzanga amene mukuphunzira za ziyankhulo kapena zauphunzitsi, pempho langa ndi ili: mukapita kwanu pa tchuthi, lembani chiganizo chanu cha mawu opeka, muwapatse ana a Fomu 3 kapena 4 omwe muli nawo pafupi, kenako muwapemphe akufotokozereni ndime imodzi m'chiyankhulo cha kunyumba. Ndikufunitsitsa kumva ngati zomwe ndinaona kwa a Chiyao zikuchitikanso kwa a Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Ine ndabwerera kusukulu, koma foni yakale ija ndamusiyira mchemwali wanga, muli nkhani zojambula zokwana kumvetsera mpaka tsiku la mayeso.