Kacithunzi Koitanira Malonda

Pa Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka m'dziko la Asoli, aphunzitsi akhala akuphunzira nchito yao kuyambira caka ca 1939, pamene sukulu ya Jeanes inasamukira kumeneko kucokera ku Mazabuka. Lero sukuluyo iri yunivesite. Mwa nzeru zonse zimene mphunzitsi amatola pa malo otere, iripo imodzi yaing'ono imene siikalamba. Akajambula nsomba kapena mapu pa bolodi, ayenera kutula coko ndi kukaima kumbuyo kwa kalasi, kuti aone ngati mwana wa pa benci lotsiriza angathe kuzindikira cimene cajambulidwa. Cithunzi cokomera mwini wace yekha pamene ali pafupi naco sicinagwire nchito yace. Muyeso womwewo uyenera kuyesa zithunzi zing'ono-zing'ono zimene masiku ano zimaitanira anthu kugula masewera a pa kompyuta ndi a pa foni.

Masewera amenewa sagulitsidwa m'sitolo ya njerwa. Sitolo zace ziri pa intaneti, ndipo zina mwa zazikulu ndi Steam, imene kampani ya Valve ya ku America inatsegula mu 2003, ndi Google Play, imene imapezeka m'mafoni ambiri a m'Zambia. Kuyambira 2017 munthu ali yense angathe kuika masewera ace pa Steam atalipira madola 100, ndipo m'caka ca 2023 cokha munatuluka masewera atsopano oposa 14,000, ndiko kuti pafupi-fupi 40 tsiku liri lonse. Makampani akulu ali nazo ndalama zolengezera malonda ao ponse-ponse. Koma masewera ambiri amapangidwa ndi anthu awiri kapena atatu odziimira paokha, mwinanso munthu mmodzi m'cipinda cace cogona, ndipo otere alibe wowaitanira malonda koma kacithunzi kamodzi kokhala m'ndandanda wautali. Kufikira 2024 kakang'ono ka pa Steam kanali ka madontho 231 m'litali ndi 87 m'lifupi. Pa foni, cizindikiro ca masewera sicikula kuposa sitampa ya pa kalata. Wogulitsa nthoci pa mseu wa ku Chipata amadziwa kuti ali ndi kamphindi kokha basi isananyamuke. Kacithunzi nako kali ndi kamphindi kotero cala ca wogula cisanapitirire.

Cifukwa cace funso loyamba ndi lomwe lija la mwana wa pa benci lotsiriza: kodi kakuoneka kali kakang'ono? Pamenepa masewera ochedwa Hollow Knight, amene anthu owerengeka a Team Cherry anatulutsa ku Adelaide, m'dziko la Australia, mu 2017, ali citsanzo cabwino. Pa cithunzi cace pali kamsilikali ka nkhope yoyera, ya nyanga ziwiri ndi maso awiri akuda bii, ndipo kumbuyo kwace kuli mdima wobiriwira. Angakhale cithunzico acicepetse cotani, nkhope yoyerayo siitayika, pakuti wojambula anasankha cinthu cimodzi nasiya zina zonse zicite mthunzi. Ambiri amalephera pomwepa. Popeza anavutika zaka zambiri kupanga ankhondo khumi, zirombo ndi malinga, amafuna kuti zonse zilowe m'kacithunzi, ndipo cotsatira cace ndi phala la mitundu-mitundu losadziwika mutu wace. Ena anafika podzaza mau a mphoto zimene analandira ndi mamalikisi amene anapatsidwa, kufikira dzina la masewera linabisika. Pa 1 September 2022 Valve inaletsa mau otere pa zithunzi zoitanira malonda, ndipo lamulolo linathandiza ojambula omwe, cifukwa linawakakamiza kuyankhula ndi cithunzi ceni-ceni.

Funso laciwiri ndi lolemera koposa: kodi kacithunzi kakunena zoona? Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2020 bungwe loyang'anira kulengeza malonda ku Britain, la Advertising Standards Authority, linaletsa zolengeza ziwiri za masewera a Homescapes ndi Gardenscapes, a kampani yaikulu ya Playrix. Zolengezazo zinali kuonetsa wosewera akusolola timitengo kuti apulumutse munthu pa ngozi, pamene nchito yeni-yeni ya masewerawo, nthawi zambiri, ndiyo kufananitsa tizinthu titatu tofanana. Valve nayonso mu 2016 inalamula kuti zithunzi zoonetsa za m'kati mwa masewera zikhale zotengedwa m'masewera momwemo, zosati zojambula pambali zokometsera. Malamulo awa anabadwa cifukwa cinyengo ca maso cinali citacuruka.

Komabe si kusiyana kuli konse kumene kuli bodza lopweteka. Masewera a Vampire Survivors, amene Luca Galante anayamba kugulitsa kumapeto kwa 2021, ali ndi cithunzi cojambulidwa mwaluso ca munthu wopopa magazi wa m'nthano za Azungu. Wosewera akalowa m'kati amapeza tianthu tokhakhala ta madontho akulu-akulu monga m'masewera akale, ndipo wopopa magaziyo samuona konse. Anthu anangoseka osakwiya, cifukwa mtengo wace sunapitirire madola 5 ndipo masewerawo anali okoma kuposa cimene anayembekeza. Koma wacinyamata amene afuna kutsata njira imeneyi acenjere. Galante anakhululukidwa cifukwa anapereka zoposa zimene analonjeza. Wolonjeza ng'ombe napereka nkhuku sakhululukidwa.

Kwa wophunzira wa pa Chalimbana nkhaniyi iri ya m'thumba. Steam imabwezera ndalama munthu akapempha masiku 14 asanathe, ngati sanasewere kupitirira maola awiri. Koma bando ya intaneti imene yathera potsitsa masewera siibwerera, ngakhale masewerawo akhale aulere. Mnyamata kapena mtsikana amene wadzimana ndiwo kuti agule bando, napeza kuti cimene anaona pa cithunzi mulibe m'kati, waberedwa ndithu, ngakhale palibe khoti limene lingamve mlandu wace. Ndiponso masiku ano makina amatha kujambula okha cithunzi conyezimira m'kanthawi kocepa, kotero kuti kuyambira January 2024 Valve imafunsa opanga masewera kuulula ngati anagwiritsa nchito makina otere. Kukongola kwatsika mtengo, ndipo sikungakhalenso umboni wakuti m'kati muli zabwino.

Funso lacitatu ndi lakuti: kodi kacithunzi kali ndi nkhope yace-yace? Pano pali maphunziro awiri ocokera m'Afrika momwe. Masewera a Semblance, amene kagulu ka Nyamakop ka ku Johannesburg kanatulutsa mu 2018, amasimba za kanthu kofewa ngati dongo, dzina lace Squish, kamene kamatha kupinda ndi kukankha nthaka imene kayendapo. Maonekedwe a kanthuko, mbulumwa yofewa ya maso awiri, amanena okha za mtima wa masewerawo popanda mau. Masewera a Aurion, a Kiro'o Games a ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, amene anatuluka mu 2016, ali ndi nkhani yaikulu ya mfumu Enzo ndi mkazi wace Erine amene analandidwa ufumu. Zobvala ndi maina nza ku Afrika, ndipo ico ncoyamikika; koma kajambulidwe kace kanatsamira pa ka nthano zojambula za ku Japan. Pa cithunzi cacikulu zobvalazo zimaoneka, koma cikacepa zimayamba kuzimirira, ndipo cotsala ndi wankhondo wofanana ndi ena ambiri a m'sitolomo.

Pali msampha winanso umene umadikira wojambula wa m'Zambia, ndiwo kujambula Afrika wa alendo: dzuwa lofiira likulowa, mtengo umodzi, mkango ndi cigoba cotoledwa kuli konse. Zithunzi zotere zacuruka kale ndipo sizinena kanthu za masewera. Cigoba ca Nyau makamaka ciri ndi eni ace ndi mwambo wace, ndipo sicoyenera kucipacika pa malonda ngati nyambo. Wa ku Chongwe ali nazo zace zimene dziko lina liribe. Ngati masewera ace ali a nsolo, dzanja limodzi lofumbata miyala pamwamba pa mizere ya maenje likwanira, ndipo lidzaoneka ngakhale pa foni yosweka galasi. Ngati nkhani yace iri ya cirala ndi kupempha mvula, monga Asoli amacitira pa mwambo wa Chakwela Makumbi, mtambo umodzi wakuda pamwamba pa munda wouma unena zambiri koposa mikondo khumi.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Wogula wanzeru sakhulupirira kacithunzi kokha, koma amatsegula tsamba la masewerawo, nafananitsa kacithunziko ndi zithunzi za m'kati, nawerenganso mau a amene anasewera kale, bando yace isanathe. Wopanga masewera naye, asanatumize nchito yace, acite monga mphunzitsi uja wa pa bolodi. Acepetse cithunzi cace cifanane ndi sitampa, acionetse kwa mnzace amene sadziwa kanthu za masewerawo, namfunse cimene ayembekeza kukapeza m'kati. Yankho likafanana ndi cimene ciri m'katimo, cithunzi catha. Likasiyana, abwerere kukajambulanso.