Mivi Iwiri: Maganizo pa Kanema wa "Buddha in Africa"

M'chaka cha 2019 mayi wina wa ku South Africa, Nicole Schafer, anatulutsa kanema wotchedwa "Buddha in Africa", amene anamjambula kwa zaka zingapo pa Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye kufupi ndi Blantyre. Mwini wake woyambitsa malowo ndi Hui Li, mkulu wa chipembedzo cha Buddha wochokera ku Taiwan. Chaka chomwecho kanemayu analandira mphotho ku Durban. Ndifuna kumuweruza pano pamaso panu, inu amene mudzaima patsogolo pa ana posachedwa, pakuti nkhani yake ikukhudza ntchito yathu koposa m'mene dzina lake lionetsera.

Kanemayu atsata mnyamata mmodzi wa banja la Chiyao, la Chisilamu, amene analowa pamalopo ali wamng'ono. Kumeneko ana adzuka kusanache kukapemphera, sadya nyama, aphunzira Chitchaina pamodzi ndi maphunziro athu, ndipo achita masewera a kung fu, amene mnyamatayu anawadziwa kwambiri kufikira kukawaonetsa ku maiko akutali. Atakula anayenera kusankha: kupita ku Taiwan kukapitiriza maphunziro, kapena kubwerera kwa abale ake kumudzi. Mphamvu ya kanemayu ili pamenepa, ndipo ndiyamika wojambulayo kuti sanatisankhire woipa ndi wabwino. Olerawo anampatsa mwana chakudya, pogona ndi sukulu pamene analibe pogwira. Munthu wokana zimenezi ndiye kuti sanagonepo ndi njala. Koma mwana yemweyo akafika kumudzi aoneka ngati mlendo pakati pa eni magazi ake.

Chilema cha kanemayu nachi. Dzina lake litilonjeza Buddha, koma chimene tiona kwambiri ndi miyambo yakunja: zovala, kugwada, mizere ya ana, nkhonya ndi mateche. Chiphunzitso cha Buddha chonena za mtima wa munthu, chimene chikadatithandiza kumvetsa kuvutika kwa mnyamatayo, sichipatsidwa malo okwanira. Woonerera atuluka akuganiza kuti chipembedzochi ndi chinthu cha Atchaina, pamene Buddha anakhala ndi kuphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Tsono ndiloleni ndiike pano chimene kanema anasiya.

Buddha anayerekeza kuvutika ndi mivi iwiri. Muvi woyamba ndiwo tsoka lenileni: nthenda, imfa ya kholo, njala. Umenewu sulewedwa, ulasa wanzeru ndi wopusa yemwe. Muvi wachiwiri ndiwo umene munthu adzilasa nawo yekha pa bala lomwelo, pamene maganizo ayamba kuzungulira usana ndi usiku: chifukwa ninji ine, ndani wandichita, ndikadapanda kutero sizikadachitika. Ife timati kuganiza kwambiri, ndipo tidziwa kuti kumaondetsa munthu ngakhale nkhokwe ili yodzaza. Buddha anaphunzitsa kuti muvi wachiwiriwu ungazulidwe ngati munthu aphunzira kuyang'ana maganizo ake akubwera ndi kupita, osawathamangitsa, osawakumbatira, monga msodzi ayang'ana mitambo panyanja. Njira imodzi ndiyo kukhala chete ndi kutsata mpweya polowa ndi potuluka.

Pali nthano ina m'mabuku awo imene mphunzitsi aliyense ayenera kuidziwa. Mkazi wina, Kisa Gotami, mwana wake atamwalira anakana kumuika m'manda, nayenda naye khomo ndi khomo kufuna mankhwala. Buddha sanamdzudzule, sanamlalikirenso. Anamtuma kukapempha njere za mpiru, koma ku nyumba imene simunafe munthu. Mpiru unalipo paliponse. Nyumba yotero sanaipeze. Pofika madzulo mkaziyo anali atamva maliro a mudzi wonse, ndipo anakaika mwana wake. Onani kuti mankhwala ake anali anthu anzake. Makolo athu sakadadabwa nazo, pakuti anati maliro n'kulirana, ndipo ndicho chifukwa chake timagona pasiwa.

Madokotala a kunja anatola mbali ya chiphunzitsochi. M'chaka cha 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba ku University of Massachusetts maphunziro a milungu isanu ndi itatu a odwala matenda opweteka osatha, ndipo pambuyo pake Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anakonza njira yofanana nayo yothandiza anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwerera. Kwa akulu odzisankhira okha njirazi zinapindula. Koma pamene anaziyesa m'sukulu za ku Britain pa ana oposa 8,000 a zaka 11 kufikira 14, zotsatira zimene anafalitsa mu 2022 zinaonetsa kuti anawo sanapose anzawo ophunzira mwa nthawi zonse, ndipo ambiri sanafune kuchita zimenezo kunyumba. Ine sindidabwa. Buddha anaika makhalidwe poyamba: kusapha, kusaba, kusachita dama, kusanama, kusaledzera, kukhazika mtima kudza pambuyo pake. Amene atenga kupuma kokha nakusandutsa phunziro la pa ndandanda ali ngati wodula nthambi ya mango naizika m'kalasi. Apa kanema uja ndi sukulu za ku Britain zigwirizana: mwana angathe kukhala chete mwa lamulo, mtima wake uli kwina.

Ndifike kwathu tsopano. Ndinapita kukayendera wophunzira wathu wina amene anali kuyesera uphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi Vinthukutu, m'boma la Karonga. Inali nyengo ya mwera. M'kalasi mwake munali kamnyamata kamene kanangoyang'ana pazenera, ndipo mphunzitsiyo, mwana wa ku Ntcheu, anakafunsa katatu m'Chichewa, kosayankha. Pomaliza anakatuma kukatchetcha udzu. Ndivomere kulakwa kwanga: m'buku langa ndinamlembera kuti asunga bwino mwambo m'kalasi. Potuluka ndinapeza mayi wina wogulitsa zitumbuwa atakhala pansi ndi kamnyamatako, akulankhula nako m'Chitumbuka. Iye ndiye anatiuza kuti bambo ake anamira ndi bwato masabata atatu apitawo, ndi kuti usiku umenewo mwanayo anali atalirira ndalama ya makope. Chiyambire tsikulo anakhulupirira kuti ndiye anatuma bambo ake kunyanja.

Muvi woyamba unali nyanja, ndipo palibe mphunzitsi akadaubweza. Wachiwiri unali m'kalasi mwathu momwemo, ife awiri ophunzira osauona. Mayi uja sanamvepo dzina la Buddha, koma anachita monga m'nthano ya mpiru: sanati usalire, sanati limba mtima ndiwe mwamuna, anamuwerengera mwanayo mabanja a m'mbali mwa nyanja amene anataya abambo pa mwera, opanda mwana wopempha makope. Ndipo mau oyamba amene anatsegula pakamwa pa mwanayo anali "phepani", osati "pepani". Kusiyana kwake ndi kampweya chabe, koma kampweya kameneko ndiko kanali chitseko.

Chotero sindingathe kuloza chala ku Amitofo ndi mtima woyera. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhala chinenero cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, ana ambiri a kumpoto akhala akusiya chinenero cha amayi awo pakhomo pa kalasi. Chingerezi nacho chichita zomwezo kwa ana a zigawo zonse. Ndilemba izi m'Chichewa chimene ndichikonda, ndipo ndidziwa kuti masamu angaphunzitsidwe m'chinenero chilichonse. Koma chisoni chimalankhula chinenero chimodzi chokha, cha kumsana kwa amake. Mnyamata wa m'kanema anali ndi aphunzitsi a chipembedzo chodziwa kwambiri za mtima, koma pamene mtima wake unagawanika, mau ofikira agogo ake ndiwo anamchepera. Wojambulayo anaona zimenezi bwino, ndipo pa chifukwa chimenechi ndimkhululukira zambiri zimene anasiya.

Wina adzafunsa ngati Mkhristu kapena Msilamu angatole nzeru kwa Buddha. Ine nditi muvi wachiwiri ulibe mpingo. Sindikupemphani kuti mukagwaditse ana kapena kuwatsinzinitsa. Ndipo mwana amene waleka kudya, kapena alankhula za kudzipha, afunika anthu ophunzira za uphungu, monga a St John of God ku Mzuzu, osati ife tokha. Mphunzitsi wa ku Ntcheu uja anagula kope, nayamba kulembamo mau a Chitumbuka amene mayi wa zitumbuwa anali kumuuza pa nthawi yopuma. Pamene ndinabwerera m'mwezi wa Okutobala anali atadzaza masamba asanu ndi limodzi, ndipo kamnyamata kaja ndiko kanali kumkonzera kalembedwe kake.