Kagawidwe ka Mawu Aatali a Zachipatala

Mawu a zachipatala ochokera ku Chigiriki akulowa m'Chichewa popanda dongosolo. Alembi ena amawagawa motsata Chingerezi, nalemba gas-tro-en-te-ri-tis. Kagawidwe kotere nkolakwika, pakuti phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kupatula m woima payekha, monga m'mawu akuti m-te-ngo.

Kagawidwe koyenera ndi ga-si-ti-ro-e-nte-ra-i-ti-si. Apa n sasiyana ndi lembo lomutsatira, monga momwe zilili m'mawu akuti mu-nthu. Chimodzimodzinso hi-mo-gu-lo-bi-ni: alembedwe ndi l popeza pambuyo pa u sipabwera r, ndipo potchula liwu likokedwe pa bi, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto.

Komabe kutchula bwino sindiko kumva. Mphunzitsi afotokozenso matsinde ake: gaster ndi mimba, enteron ndi matumbo, ndipo -itis amasonyeza kutupa.

Choposa zonse, mkonzi asabwereke pamene Chichewa chili ndi mawu akeake. Sikisitosomiyasisi ali ndi maphatikizo asanu ndi anayi, pomwe likodzo ali ndi atatu okha. Mayi akawerenga kuti chibayo amadziwa msanga kuti mwana afunika kuchipatala. Akawerenga kuti nyumoniya amayamba wafunsa kaye tanthauzo.